Yankho Limodzi kwa Kholo Lililonse

Mutu 5

1. Zenera lachitatu

Ofesi ya kaundula ya pa yunivesite ija inali pansi penipeni pa nyumba yaikulu, kumene dzuwa limafika mochedwa n'kuchoka msanga. Inali ndi mazenera atatu olandirirapo anthu. Loyamba linali la ophunzira ofuna makalata, lachiwiri la osintha kapena osiya maphunziro, lachitatu la wina aliyense amene sankadziwa kolowera. Pazenera lachitatulo ndi pamene ankakhala Namzeze.

Dzinali anamupatsa ndi anzake a muofesi sabata yoyamba yomwe, poona mmene ankaulukira pakati pa mashelefu. Ukamutuma fayilo, usanatseke pakamwa iye wabwera nayo kale. Anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo ntchito ya ukalaliki anali ataigwira miyezi isanu yokha. Anthu ankamukonda, ndipo iye ankakonda kukondedwako.

Makolo ankafika pazenera lake pafupifupi tsiku lililonse. Ena ochokera kutali, nsapato zili mbuu, kapepala ka nambala ya mwana atakapinda kanayi m'thumba la malaya. Funso lawo linali limodzi: kodi mwana wanga zikumuyendera? Koma lamulo la sukuluyo linali losapsatira. Zolembedwa za wophunzira ndi za mwini wake. Popanda kalata yosainidwa ndi wophunzirayo, palibe woziona kapena kuuzidwa, kaya ndi bambo, mayi, mwamuna wake kapena abusa.

Lamuloli Namzeze ankalidziwa, ndipo anachita kusainira kuti adzalisunga. Kungoti anali atadzipezera kanjira kake. Malikisi sankawerengera munthu, ayi. Fayilo sankaitulutsa. Ankangolemba nambala ija pakompyuta n'kuponya diso kamodzi. Akaona kuti mwanayo akukhoza, ankawerama kufupi ndi galasi n'kunong'ona kuti, "Pitani ndi mtendere, zili bwino." Akaona kuti zinthu zapindika, ankawongola khosi n'kunena za lamulo.

Kholo lomva zabwino linkachoka likumudalitsa mpaka kuchipata. Iye ankati kumeneko si kuulula, n'kungozula munthu munga kuphazi.

2. Amayi a Makiyi achenjeza

Mkulu wa ofesiyo anali mayi wachikulire amene aliyense ankamutchula kuti Amayi a Makiyi, chifukwa makiyi a chipinda cha mafayilo ankayenda nawo m'khosi pachingwe chobiriwira. Anali atagwira ntchito pamenepo zaka makumi atatu, kuyambira nthawi imene zonse zinkalembedwa pamanja. Ankadandaula kuti makutu awo akutha, koma kunong'ona kwa pazenera lachitatu ankakumva ali m'chipinda chamkati.

Tsiku lina mazenera atatsekedwa anamuitana Namzeze, namukankhira mpando ndi phazi.

"Khala pansi, mwanawe. Ndakumva lero, ndinakumvanso dzana. Mtima uli nawo wabwino, sindikukana, koma pano tinalemba kalaliki. Mafayilo ali m'chipindamu si athu. Mwana aliyense amene analowa pachipata chija anatipatsa zinthu zimene sangauze ngakhale mnzake wogona naye chipinda chimodzi: matenda ake, kumene amagona, phunziro limene anagwa, chimene anasowera mwezi wathunthu. Anatipatsa chifukwa sukulu siingayende popanda zimenezo. Sanatipatse kuti tizigawa ngati maswiti.

"Iwe ukuganiza kuti aliyense wofika pazenera ndi kholo. Ine ndinaonapo bambo wa tayi, wolankhula mwaulemu, atanyamula jumbo ya zipatso. Ankati akungofuna nambala ya chipinda cha mwana wake basi. Kalaliki wa nthawi imeneyo anamumvera chisoni n'kumuuza. Sanali bambo wake. Anali mwamuna amene mtsikanayo anamuthawa chifukwa chomenyedwa. Mtsikanayo sukulu sanaimalize, ndipo ine mpaka lero nambala ya chipinda chija ndimaikumbukira.

"Tsono ndikuuze. Pazenera pamakhala yankho limodzi. Wabwera wolira, yankho lomwelo. Wabwera woseka, yankho lomwelo. Mwana akhale woyamba m'kalasi, akhale womaliza, iwe uziti, pepani, zimenezo angakuuzeni ndi mwini wake. Ndipo dzanja lako lisakhudze kompyuta pamene ukuyankha."

Namzeze anafunsa mwaulemu kuti nanga nkhani yabwino ingapweteke ndani. Amayiwo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, nati siipweteka amene wamutchulayo, imapweteka wina amene sali pomwepo. Iye sanamvetse, koma anavomera kuti wamva.

Anasungadi milungu iwiri. Mlungu wachitatu kunabwera agogo ena aamuna amene anayenda tsiku lonse, ndipo Namzeze anaweramanso. Atawerama kamodzi, anabwerera ku kanjira kake kaja, kungoti tsopano ankayamba wayang'ana ngati chitseko cha chipinda chamkati chili chotseka.

3. Fayilo ya Dokotala

Pakati pa mafayilo zikwizikwi a m'chipindamo panali imodzi imene Namzeze ankaidutsa atayang'ana kumbali. Inali ya msuweni wake, mwana wa azakhali ake. Msuweniyu kwawo ankangomutchula kuti Dokotala kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, pamene anamanga mwendo wa nkhuku ndi timitengo, nkhukuyo n'kuyendanso. Tsopano ankaphunziradi udokotala, ndipo abale onse ankadziwa kuti ali chaka chachitatu.

Sanali chaka chachitatu. M'chaka chachiwiri anadwala matenda a maganizo, mwezi wathunthu osatuluka m'chipinda, osadya bwino, osatsegula buku. Mayeso anagwa awiri. Sukulu itaona kalata ya kuchipatala inamulola kubwereza chakacho. Kalata yomulolayo anailowetsa m'fayilo ndi Namzeze yemwe, ndi manja ake, atangoyamba kumene ntchito.

Atsikana awiriwa anakulira nyumba imodzi, pakuti mayi ake a Namzeze atamwalira, azakhaliwo ndi amene anamulera zaka zisanu ndi chimodzi. Akakumana sankapatsana moni, ankangoyamba kunyozana. Dokotala ankamuti mfumukazi ya chidindo, Namzeze n'kumubwezera kuti wobaya malalanje, poti ophunzira udokotala amayambira kubaya jakisoni palalanje. Koma tsiku limene kalata ija inafika, anakhala pamasitepe a kuseri kwa ofesi popanda woseka.

Dokotala anapempha chinthu chimodzi. Anati kunyumba asamve mpaka chaka chitatha. Akadzakhoza adzawauza yekha, pepala lili m'manja. Bambo ake, amene anthu ankawatchula kuti Amakanika chifukwa cha galaja yawo, ananena kale pamaso pa banja lonse kuti kuyunivesite munthu amayesa kamodzi. Akagwa, abwerere adzaime pakauntala kugulitsa zitsulo za galimoto. Za matenda a maganizo sankafuna n'kumva komwe. Ankati umenewo ndi ulesi wovala suti.

Namzeze analumbira kuti sadzatsegula pakamwa. Ndipo sanatseguledi. Miyezi inapita, Dokotala anachira, nayamba kukhozanso ngati kale. Kuti alembe mayeso omaliza a chakacho kunatsala milungu isanu ndi inayi.

4. Amayi awiri

Linali Lachinayi, cha m'ma leveni koloko. Amayi a Makiyi anali kumsonkhano kumwamba. Pazenera lachitatu panafika mayi wonenepa wa diresi losokedwa bwino, mapini atatu atabayidwa pakolala monga amachitira atelala. Anati mwana wawo wamwamuna amaphunzira zaulimi, ndipo milungu iwiri yatha asakuyankha foni. Iwo tulo kulibe. Anali atapita kale kuhositelo, koma anauzidwa kuti a zaulimi ali kumunda wa sukulu mpaka madzulo.

Namzeze anayang'ana chitseko chamkati. Analemba nambala, naponya diso. Mnyamatayo anali atakhoza zonse. Anawerama nanong'ona mawu ake aja.

Mayiyo anaomba m'manja, nati mnyamata ameneyo akamupeza amukoka khutu chifukwa chomuonongera tulo pachabe. Kenako anatembenuka nakodola munthu wina pamasitepe. Anafuula kuti anzawo afulumire, ofesi ino ili ndi mwana wamakhalidwe, wawachotsa mwala pachifuwa.

Amene ankatsika masitepewo anali azakhali ake a Namzeze.

Zinali motere. Azakhaliwo anasamukira kudera lina chaka chapitacho, ndipo Namzeze anali asanakaoneko. Atelalawo anali oyandikana nawo nyumba. Anakwera basi imodzi kudzaona ana awo, kungoti azakhali anatsalira pampopi wa panja kutsuka fumbi kumapazi.

Moni unatenga nthawi. Azakhali anamuyang'ana kuyambira kumutu nati waonda, ndipo anatulutsa m'chikwama juzi yofiirira imene anamulukira okha, poti anamva kuti ofesi yake ndi yozizira. Anaikankhira pansi pa galasi. Kenako, akuseka, anatulutsanso kapepala kopinda.

"Tandionere Dokotala wanga nanenso, mwana wa achimwene, ndikagone tulo ngati anzangawa."

Zimene zinachitika apa zinachitika Namzeze asanaganize. Miyezi isanu thupi lake linali litazolowera mayankho awiri. Khosi linawongoka lokha, manja anachoka pakompyuta, ndipo pakamwa panatuluka mawu a lamulo, onse bwinobwino, kuti zolembedwa za wophunzira ndi za mwini wake.

Atelala anadabwa. Anati lamulo lake liti, nanga iwo sawauza pompano? Anafunsanso ngati lamulolo limasankha nkhope. Namzeze anazindikira chimene wachita, nayesa kukonza. Anati zili bwino azakhali, Dokotala ali bwino ndithu, amangofuna kuti zinthu ziziyenda mwadongosolo. Analankhula zambiri, mofulumira.

Azakhali sanasekenso.

"Ndakuona ndili pamasitepe. Kwa anzangawa unawerama. Kwa ine waimirira ngati msilikali. Ine ndinakulera, nkhope yako ndimaiwerenga. Tandiyankha chimodzi chokha. Mwana wanga ali chaka chachitatu?"

Namzeze anayang'ana juzi ija. Pamzere panali anthu khumi ndi awiri, onse makutu ali tcheru. Sanayankhe.

Azakhali anapinda kapepala kaja n'kukabwezera m'chikwama. Sanakweze mawu. Anafunsa mnyamata wina wa pamzere njira yopita kunyumba ya ophunzira udokotala, nati akafunsa okha m'kalasi la chaka chachitatu ngati mwana wawo amakhala mmenemo. Atelala anawatsatira akupepesa, osadziwa chimene akupepesera. Asanamalize kukwera masitepe, azakhali anali atayamba kale kuimbira amuna awo.

Namzeze anaimbira Dokotala. Foni inali yozima, paja m'chipinda choyesera zinthu ophunzira amasiya mafoni pakhomo. Akanatha kutseka zenera n'kuthamanga kudzera njira ya kuseri, akanafika azakhali asanafike. Koma kutseka zenera kukanafuna kuti afotokoze chifukwa chake. Anangolemba uthenga wa mawu ochepa, wakuti amayi ako ali pano, undiimbire. Kenako anaitana wotsatira pamzere.

5. Amene sanalankhule kanthu

Amayi a Makiyi atatsika kumsonkhano, nkhani anaipeza ikuwadikira, pakuti kalaliki wa pazenera lachiwiri anamva zonse. Anadikira mpaka nthawi ya nkhomaliro. Kenako anatseka chitseko chamkati, iwo ndi Namzeze ali mkati.

Namzeze anayamba kudziteteza asanafunsidwe. Anati za kubwereza kwa msuweni wake sananene kanthu, ngakhale liwu limodzi. Fayilo sanaitsegule. Azakhali anawayankha ndendende mmene lamulo limanenera.

"Ukunena zoona," anatero amayiwo. "Kwa azakhali ako sunanene kanthu. Mawu amene aulula msuweni wako unawalankhula kwa telala uja. Pamene unauza mayi mmodzi kuti zili bwino, unasandutsa kukhala chete kwako kukhala mawu. Kuyambira pamenepo, aliyense amene ukumubweza ndi lamulo ukumuuza kuti mwana wake wagwa.

"Ndipo usaganize kuti wayamba lero. Makolo amene amafika pazenera lako sagwa kumwamba mmodzimmodzi. Amakumana m'basi, kumsika, kutchalitchi, kumaliro. Wina amati, ine mtsikana wa pazenera lachitatu anandiuza kuti zili bwino. Mnzake amakhala chete, n'kumakumbukira kuti iye anauzidwa za lamulo. Akafika kunyumba amaimba foni. Ndi ana angati amene analandira foni yotero miyezi isanu imeneyi? Iwe sukudziwa, nanenso sindikudziwa. Lero waona mmodzi chifukwa ndi wako.

"Mwana uja sanabe, sanaphe munthu. Anadwala, nachira, nadzuka yekha. Chimene anali nacho chinali ufulu wosankha tsiku ndi mawu ouzira makolo ake. Ufulu umenewo sukulu inamulonjeza, ndipo anthu osunga lonjezolo ndife, a pamazenerawa. Iwe wamulanda kuti mayi wina akudalitse. Madalitso amenewo unawalandira, tsopano ukaone amene wawasenza."

Anamuuza kuti amulembera kalata yochenjeza. Namzeze analira, koma amayiwo sanamutonthoze. Anangomupatsa kapepala kopukutira nati mazenera atsegulidwa hafu pasiti wanu.

Madzulo a tsikulo Dokotala sanaimbe. Kalaliki wa pazenera loyamba, amene mlongo wake ankaphunzira naye, ndi amene anabweretsa nkhani. Azakhali anaima pakhomo la chaka chachitatu mpaka kalasi itatuluka. Atafunsa, mtsikana wina wosadziwa kanthu anawalozera kalasi ya chaka chachiwiri. Anamupeza mwana wawo atavala gawuni yoyera, akuseka ndi anzake, ndipo anamufunsa pomwepo, anzakewo akumva.

6. Mapepala awiri

M'mawa mwake Amakanika anafika mazenera asanatsegulidwe. Galimoto yawo ya bokosi kumbuyo anaiimika pakhomo penipeni pa nyumba yaikulu, pamene saloleza kuimika. Kumbuyoko kunali sutikesi, matiresi ndi katoni ya mabuku, zonse za Dokotala, zitamangidwa kale ndi chingwe.

Analowa okha poyamba. Anali bambo wamfupi wa mapewa aakulu, zikhadabo zakuda ndi oyilo. Analamula kuti dzina la mwana wawo lifufutidwe tsiku lomwelo. Amayi a Makiyi anawayankha modekha kuti wophunzirayo ndi munthu wamkulu, ndipo wosaina pepala losiyira sukulu ndi iye yekha. Amakanika anati chabwino, akamutenga asaine. Anafunsanso ngati sukuluyo ndi imene inamubereka.

Anabwera naye. Dokotala anali atatupa maso, tsitsi osapesa. Fomu anaitenga pazenera lachiwiri, nailemba ataimirira, bambo ake ali pambuyo. Atamaliza sanaibwezere pomwe anaitenga. Anayenda mpaka pazenera lachitatu. Nthawi yomweyo foni ya Amakanika inalira, ndipo anasuntha pang'ono kukakangana ndi munthu wina za injini.

Dokotala anakankha fomuyo pansi pa galasi. Pansi pake panali pepala lina. Analankhula motsitsa, osamuyang'ana Namzeze kumaso.

"Lapamwambalo ndi losiya sukulu. Bambo anga sindingawakanire pamaso, ukuwadziwa. Lapansilo ndi dandaulo, lakuti ofesi ino yaulula za ine popanda chilolezo changa. Kubungwe la ophunzira andiuza kuti dandaulo likalandiridwa, fayilo yanga siingatsekedwe mpaka nkhaniyo itaweruzidwa, ndipo ine ndiyenera kukhala pasukulu pano kudikira. Limene lidindidwe poyamba ndi limene ligwire ntchito. Dzina lako lilimo."

Namzeze anawerenga. Dzina lake linalimodi, lenileni, la pachiphaso. Munalinso tsiku, nthawi, ndi nambala ya zenera. Kalaliki aliyense pamenepo ankadziwa kuti wopezeka wolakwa pa dandaulo lotero ntchito imamuthera.

"Msuweni, ntchito indithera."

"Ine yanga inatha dzulo," anatero Dokotala. "Ndikanapereka pazenera lina. Ndabwera pako kuti ulandire ndiwe. Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha, ndipo sichinali cholemera."

Amakanika anali kumaliza kuyankhula pafoni. Chidindo chinali pomwe chimakhala, kudzanja lamanja, pambali pa kabokosi ka inki. Namzeze anachitola. Akanadinda lapamwamba, palibe akanamufunsa, pakuti ndilo linali pamwamba. Analisuntha ndi chala. Anadinda lapansi, nalemba nthawi, nasaina. Pepala losiya sukulu analibweza losadinda.

Amakanika atayandikira anafunsa chimene chikuchedwetsa. Dokotala anawauza yekha kuti wapereka dandaulo ndipo sukulu siimulola kuchoka mpaka litamveka. Bambowo anatenga pepalalo nawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atafika pa dzina la Namzeze anadzutsa mutu. Anati ana awiri oleredwa ndi mkazi mmodzi aika mlandu m'banja, pamaso pa anthu achilendo, ndipo winayo wachita kudzidindira yekha. Amayi a Makiyi anawatsimikizira kuti lamulo lilidi choncho, ndipo palibe chimene ofesi ingachite mpaka nkhani itamveka.

Anatuluka osatsazika. Anamasula chingwe, natsitsa sutikesi, matiresi ndi katoni ija, naziunjika pafumbi. Dokotala anawatsatira nakhala pasutikesipo. Kwa Namzeze sanathokoze, sanacheukenso.

7. Pachipata

Amayi a Makiyi anabwera pazenera lachitatu natambasula dzanja. Namzeze anawapatsa chidindo. Anamuuza kuti apite kunyumba, adzabwere Lachitatu, pamene akuluakulu atatu a sukulu adzamve nkhaniyo koyamba. Anamufotokozera mmene zimayendera. Kalaliki akavomera, nkhani imapita kukomiti yaikulu, imene imakhala mayeso akatha, ndipo wodandaulayo amakhalabe pasukulu mpaka pamenepo. Akakana, ndipo pakapezeka mboni yomuvomereza, dandaulo limagwa tsiku lomwelo, fayilo n'kumasulidwa, pepala losiya sukulu n'kudindidwa. Anamufunsa ngati wamva. Sanamuuze chochita.

Anatenga chikwama chake natuluka dzuwa likadali la m'mawa. Anadutsa kutali ndi sutikesi ija. Pachipata anapeza galimoto ya Amakanika itaima pambali, injini ikulira. Azakhali anali kutsogolo, atatsitsa galasi. Anamukodola.

Nawonso anali atatupa maso. Anati amuna awo afunsa kale kwa mlonda wina wodziwa zinthu, ndipo amva mmene milandu yotere imathera. Kenako anagwira dzanja la Namzeze.

"Tamvera, mwana wa achimwene. Ine sindikufuna kuti ntchito ikuthere. Achimwene akudwala shuga, amadalira iwe, ndipo ndinalonjeza mayi ako kuti ndidzakuyang'anira. Lachitatu ukakane. Ine ndibwera kudzachitira umboni kuti sunandiuze kanthu, ndipo sindinama, pakuti sunandiuzedi. Atelala ndalankhula nawo, akuti sakukumbukira chilichonse. Ntchito yako ipulumuke, mwana wanga abwere kunyumba tikamusamale. Banja likhale ngati kale."

Namzeze anafunsa kuti nanga mayeso a Dokotala.

Amene anayankha ndi Amakanika, osatembenuza mutu. Anati mayeso analemba kale, ndipo zotsatira zake onse azimva. Anawonjezera kuti masana omwewo adutsa kwa bambo ake a Namzeze, akawauze chimene mwana wawo wadinda, kuti nawonso amuthandize kuganiza.

Galimoto inanyamuka. Namzeze anatsala pachipata, chikwama chili m'manja. Kumbuyo kwake, pakhomo la nyumba yaikulu, msuweni wake anali ataimirira, akuyesa kusenza matiresi ndi katoni ya mabuku nthawi imodzi. Matiresi ankangogwa. Kuti Lachitatu lifike kunatsala masiku asanu.